Bajeti Yadutsa, Nanga Malipiro Athu Ali Kuti?

Makalata ambiri a mwezi uno achokera kwa antchito a makhonsolo a m'matauni, makhansala ndi eni nyumba omwe amalipira msonkho. Mayankho akonzedwa ndi anzathu odziwa za chuma cha makhonsolo ndi malamulo a ntchito. Paliponse pamene tayamba ndi mawu oti "tiyerekeze", ziwerengerozo ndi zongochitira masamu, si za khonsolo ina iliyonse.

A Mkonzi, ine ndimasesa mumsika wa khonsolo. Tinamva pa wailesi kuti makhansala avomereza bajeti yoposa biliyoni imodzi, koma pano tatha miyezi iwiri osalandira. Ndalama zonse zija zalowera kuti?
*Mayi wosesa mumsika, Chigawo cha Kummwera*

Pepani ndi mavutowa, mayi. Chimene makhansala anavomereza tsiku lija si ndalama zoti zili kale ku banki. Ndi chiyembekezo cholembedwa papepala: tikuganiza kuti titolera zakutizakuti, ndipo tikatolera tidzazigwiritsa ntchito mwakutimwakuti. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Bajeti ndi fodya wapachala.

Chinanso, biliyoni mwamvayo si thumba limodzi. Ndalama zochokera ku boma, zomwe zimadzera ku National Local Government Finance Committee, kapena kuti NLGFC, zimabwera zitauzidwa kale kopita: izi za sukulu, izi za misewu, izi za chitukuko. Aphunzitsi ndi anamwino a m'tauni mwanu amalipidwa ndi boma, n'chifukwa chake iwo amalandira inu mukungoyang'ana. Inuyo, alonda, otola zinyalala, odula ziphaso, madalaivala ndi makalaliki ambiri munalembedwa ndi khonsolo yeniyeniyo, ndipo malipiro anu amachokera pa zomwe khonsolo yatolera yokha: msonkho wa nyumba ndi malo, ziphaso za mumsika ndi m'depoti, malaisensi a mabizinesi, ndalama zovomerezera mapulani a nyumba, lendi ya mashopu ake, zimbudzi zolipira.

Tiyerekeze khonsolo ya bajeti ya K1.2 biliyoni. Mwa ndalamazi, K500 miliyoni ndi za boma zopita ku ntchito zake, K700 miliyoni ndi zotolera yokha. Malipiro ndi zonse zoyenda nawo amadya K35 miliyoni pamwezi, kutanthauza K420 miliyoni pachaka. Papepala zikuoneka bwinobwino: patsala K280 miliyoni za mafuta, magetsi, madzi ndi kukonza galimoto ya zinyalala. Koma khonsoloyo ikangotolera K65 pa K100 iliyonse yomwe inalonjeza, m'manja muli K455 miliyoni basi. Chotsani malipiro, patsala K35 miliyoni zoyendetsera tauni yonse chaka chathunthu. Apa mkulu wa zachuma amayamba kusankha: agule dizilo kuti zinyalala zichoke mumsika, alipire bilu ya madzi asanawadulire, kapena alipire inu.

N'chifukwa chiyani amalonjeza zomwe sangatolere? Bajeti imayenera kulingana mbali zonse ziwiri, zolowa ndi zotuluka. Zotuluka zikachuluka, njira yosavuta ndi kukweza chiwerengero cha zolowa ndi cholembera. Kawirikawiri amaikamo ngongole zakale za msonkho wa nyumba ngati kuti onse omwe akhala osalipira zaka zisanu adzalapa chaka chomwecho. Palinso nkhani ya nyengo. Ndalama za malaisensi zimabwera pakamodzi, za msonkho wa nyumba zimabwera mabilu akangotuluka, ndipo msika umafooka mu Januwale ndi Febuluwale anthu akakhala kuminda, m'matumba mulibe kanthu. Malipiro okha ndi amene sadziwa nyengo. Khonsolo yomwe sisunga ndalama za miyezi yokolola imagwa miyezi ya njala.

Malipiro anu a miyezi iwiriyo ndi ngongole, ndipo siifa chifukwa choti chaka cha boma chatha. Kudzera mwa atsogoleri anu a apantchito, pemphani kalata yosainidwa yonena tsiku lomwe adzabweze mwezi uliwonse. Pemphaninso kuti pakhale akaunti ya malipiro yokha, yomwe gawo la ndalama za tsiku lililonse lizilowamo zisanakhudzidwe ndi china. Zikakanika, kadandauleni ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu, ndipo kumeneko zikavuta nkhani imapita ku Industrial Relations Court.

Ndinasankhidwa ukhansala pa chisankho cha 2025 ndipo anandiika mu komiti ya zachuma. Antchito akupempha kuti malipiro akwere ndi 20 peresenti. Mtima wanga uli nawo, koma sindifuna kuvomereza chinthu chomwe sindikuchimvetsa. Mphamvu yokweza ili ndi yani, ndipo tiwerengera bwanji?
*Khansala watsopano, Chigawo cha Pakati*

Olemekezeka, yambani ndi kufunsa kuti antchito ake ndi ati. Omwe ali pa magiredi a boma, malipiro awo amakwera boma likalengeza, ndipo khonsolo ilibe chonena. Nkhani yanu ndi ya olembedwa ndi khonsolo. Pa amenewa, akuluakulu a ku ofesi ndi amene amakonza ganizo lolembedwa, limakambidwa mu komiti yoona za antchito, kenako mu komiti yanu ya zachuma, ndipo msonkhano wa khonsolo yonse ndi umene umavomereza ngati gawo la bajeti. Bajetiyo imapitanso ku NLGFC kukaunikidwa. Khansala mmodzi, ngakhale mfumu ya mzinda, sangalonjeze malipiro pamsonkhano wa pabwalo n'kukhala lamulo.

Nthawi nayo ndi yofunika. Kuyambira 2022 chaka cha boma chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Malichi. Kale chinkayamba mu Julaye. Lamulo la maboma ang'ono la 1998 limati khonsolo ikhale itakonza ndondomeko yake ya zachuma masiku 90 chaka chatsopano chisanayambe, komwe ndi kumayambiriro kwa Januwale. Ndiye kuti nkhani ya malipiro iyenera kukambidwa mu Okutobala ndi Novembala. Ikabuka mu Juni, chaka chitayamba kale, palibe pomwe ndalamazo zinalembedwa, ndipo mudzazilanda ku ntchito ina.

Tsopano masamu. Tiyerekeze muli ndi antchito 200 ndipo malipiro awo enieni onse pamodzi ndi K30 miliyoni pamwezi. Kukweza ndi 20 peresenti ndi K6 miliyoni pamwezi. Ambiri amaimira pomwepa, ndipo ndi pomwe amalakwira. Walira mvula walira matope. Lamulo la penshoni limati wolemba ntchito aziikapo 10 peresenti ya malipiro, yomwe pano ndi K600,000. Msonkho wa TEVET, wothandizira maphunziro a ntchito zamanja, ndi 1 peresenti, K60,000 ina. Zafika K6.66 miliyoni pamwezi, K79.92 miliyoni pachaka. Sitinawerengere inshuwalansi ya moyo yomwe lamulo la penshoni limafunanso, kapena ovataimu, yomwe imawerengedwa kuchokera pa malipiro a pa ola, motero nayo imakwera yokha.

Kuti mumve kulemera kwake, isandutseni ziphaso. Ngati chiphaso cha mumsika ndi K300, ndalamazi ndi ziphaso 266,400 pachaka, pafupifupi 730 zoonjezera tsiku lililonse, Lamulungu ndi Khirisimasi momwe. Yendani mumsika wanu muone ngati muli malo a mavenda ena 730.

Funso loti mufunse mkulu wa zachuma si lakuti "bajeti ya chaka chamawa ikuti bwanji?" Mufunseni kuti akubweretsereni ndalama zomwe zinalowadi ku banki zaka zitatu zapitazi, mwezi ndi mwezi, gwero ndi gwero. Malipiro atsopano muwayeze pa ziwerengero zimenezo, ndipo muwayeze pa mwezi woipitsitsa, osati wabwino. Musawerengere ndalama zobwera kamodzi, monga zogulitsa mapuloti kapena ngongole yaikulu yomwe kampani ina yabweza. Puloti imagulitsidwa kamodzi, koma malipiro mukakweza simungadzatsitse popanda mlandu.

Palinso kusankha kakwezedwe. Peresenti yofanana imakomera apamwamba: wolandira K100,000 apeza K20,000, wolandira K900,000 apeza K180,000, chonsecho thumba la chimanga amagula mtengo umodzi. K6 miliyoni yomweyo mutaigawa mofanana, aliyense apeza K30,000. Koma kuchita zimenezi zaka zingapo zotsatizana kumafinya magiredi, mpaka kapitawo n'kumalandira pafupifupi mofanana ndi anthu omwe akuwayang'anira, ndipo amisiri ndi akauntanti abwino amathawira ku makampani. Ife timaona kuti pa chaka chomwe zinthu zakwera mitengo kwambiri, kuphatikiza ziwirizi ndiye kwanzeru: ndalama yofanana kwa onse, kuonjezerapo peresenti yochepa.

Siyaniponso kangachepe ka zinthu zomwe simungazilamule. Malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ndi boma anali K50,000 pamwezi kuyambira 2021, ndipo mu Febuluwale 2024, kwacha itatsika mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, anakwera kufika K90,000. Uku n'kukwera ndi 80 peresenti pakamodzi, chaka cha boma chisanathe, ndipo khonsolo, monga wolemba ntchito wina aliyense, siloledwa kulipira pansi pa mlingo womwe boma laika. Khonsolo yokhala ndi osesa ndi alonda ambiri imamva kuwawa kwambiri pa kusintha kotere.

Mukaona kuti 20 sangatheke, nenani poyera ndi ziwerengero zili patebulo. Wantchito amapindula kwambiri ndi 10 peresenti yofika mwezi uliwonse kusiyana ndi 20 yobwera patatha miyezi itatu, atakongola kale kwa akatapila.

Ku akaunti ya khonsolo yathu kuli ndalama za misewu ndi za CDF, thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu, zomwe zikungokhala. Bwanji osatengako kulipira antchito, n'kudzabweza pambuyo pake?
*Kalaliki*

Chifukwa "kudzabweza" kumeneko sikuchitika kawirikawiri. Khonsolo yomwe yalephera malipiro a mwezi uno ilibe poti idzapeze malipiro a mwezi wamawa pamodzi ndi zobweza. Mapeto ake kontilakitala wa mlatho amasiya ntchito pakati, mitengo ya simenti imakwera, ndipo mlatho womwewo umadzafuna ndalama zoposa zoyamba zija.

Mwalamulonso n'zoletsedwa. Ndalama za boma zimagwiritsidwa ntchito pa zomwe Nyumba ya Malamulo inavomereza, ndipo mkulu wa khonsolo ndi amene amayankha yekha zikasokonekera. Mkulu wolondoloza chuma cha boma akadzafika amalemba zimenezi ngati kusokoneza ndalama, ngakhale kuti palibe amene waba tambala, ndipo nkhaniyo imatha kukafika ku komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona za kayendetsedwe ka chuma cha boma. Kukongola ku banki kuti mulipire malipiro nakonso n'kungokankhira vuto kutsogolo litaonjezeredwa chiwongoladzanja. Ngongole imakhala yanzeru ikamanga chinthu chodzabweza chokha, monga msika kapena depoti.

Pa pepala langa la malipiro amandidula penshoni mwezi uliwonse. Mnzanga atapuma ntchito anakapeza kuti ku kampani ya penshoni kulibe ndalama za zaka zingapo. Ndingadziwe bwanji kuti zanga zikufika?
*Dalaivala wa khonsolo*

Bambo, mwachita bwino kufunsa mudakali pa ntchito. Pepala la malipiro limangosonyeza kuti ndalama zadulidwa; silisonyeza kuti zatumizidwa. Umboni uli ku kampani yosunga penshoniyo. Pitani kapena lembani kalata, mutatenga chiphaso cha unzika ndi nambala yanu ya umembala, mupemphe sitetimenti yosonyeza zolowa mwezi ndi mwezi. Ndi ufulu wanu, ndipo simusowa chilolezo cha abwana.

Mukailandira, muone mizere iwiri. Lamulo la penshoni, lomwe linayamba mu 2011 ndipo linalowedwa m'malo ndi latsopano mu 2023, limati wantchito aziika 5 peresenti ndipo wolemba ntchito aziika 10 peresenti, kapena kuposera apo ngati anagwirizana. Ngati malipiro anu owerengera penshoni ndi K180,000, ndiye kuti K9,000 yanu ndi K18,000 ya khonsolo, zonse K27,000, ziyenera kuoneka mwezi uliwonse. Ndalamazi zimayenera kutumizidwa pasanathe masiku 14 mwezi utatha. Msonkho wa PAYE, womwe umadulidwa pa malipiro, nawo umayenera kufika ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira.

Chimene chimachitika m'makhonsolo osowa ndalama n'chakuti amalipira zokhazo zomwe wantchito amatenga m'manja. Phokoso limatha, antchito amabwerera ku ntchito, koma penshoni, PAYE ndi ngongole zomwe anadula za ku banki kapena ku SACCO zimatsala m'mabuku ngati ngongole. Wantchito amaluza kawiri: ndalama zenizenizo, komanso phindu lomwe zikanabereka zaka zonsezo. K27,000 yosatumizidwa muli ndi zaka 30 ndi yopweteka kuposa yosatumizidwa muli ndi zaka 58, chifukwa inali ndi nthawi yaitali yoswana. Ndipo ngati anadula ngongole ya ku banki osatumiza, banki imalemba inuyo kuti ndinu wosabweza, osati khonsolo.

Mukapeza miyezi yopanda kanthu, sungani mapepala anu onse a malipiro, jambulani sitetimentiyo, ndipo lemberani mkulu wa khonsolo kalata, kope limodzi lidindidwe n'kukhala ndi inu. Ndi bwino kuchita zimenezi pagulu. Yemwe amayang'anira za penshoni m'dziko muno ndi Reserve Bank of Malawi, ndipo madandaulo a olemba ntchito osatumiza ndalama amalandiridwa kumeneko. Kwa makhansala omwe akuwerenga: lipoti lililonse la zachuma lomwe likuti "malipiro talipira" muzilifunsa kuti nanga penshoni ndi PAYE za mwezi womwewo zatumizidwa? Chilango cha kuchedwa chimadzatuluka m'thumba lomwelo la ziphaso.

Msonkho wa nyumba yanga wakwera, koma msewu wa kwathu ndi wokumbikakumbika ndipo zinyalala sizichotsedwa. Aneba anga omwe amanga posachedwapa salandira n'komwe bilu. Kodi tikungolipirira malipiro a anthu a mu ofesi?
*Mwini nyumba*

Mbali ina mukunena zoona: m'makhonsolo a m'matauni, msonkho wa nyumba ndi umene kawirikawiri umanyamula malipiro. Pa zokha zimenezo palibe cholakwika, chifukwa zinyalala zimachotsedwa ndi anthu. Cholakwika chimabwera malipiro akameza pafupifupi zonse, n'kupezeka kuti dalaivala alipo, otola zinyalala alipo, koma galimoto ili pamiyala chifukwa chosowa matayala. Apo mukulipira anthu kuti azikhala pansi pa mtengo, ndipo si kufuna kwawo.

Bilu yanu imachokera pa zinthu ziwiri: mtengo wa malo ndi nyumba yanu monga unalembedwera m'kaundula wa khonsolo, ndi mlingo womwe makhansala avomereza chaka chimenecho. Tiyerekeze nyumba yalembedwa K40 miliyoni ndipo mlingo ndi 20 tambala pa K100 iliyonse: bilu ndi K80,000 pachaka. Ndiye bilu ikakwera, funsani kuti chakwera n'chiyani, mtengo wa nyumba kapena mlingo. Mtengo mutha kuutsutsa panokha kaundula watsopano akaikidwa poyera, koma masiku ochitira zimenezi ndi owerengeka ndipo amalembedwa pa chidziwitsocho; mukachedwa mwachedwa. Mlingo ndiye nkhani ya makhansala, ndipo pokambira pake ndi pa misonkhano ya bajeti.

Za aneba anuwo ndiye pagona nkhani. Lamulo limati kaundulayu azikonzedwanso zaka zisanu zilizonse, ndipo pakatipo pazikhala kaundula woonjezera wolowetsa nyumba zatsopano ndi zokuzidwa. Ntchito imeneyi imafuna akatswiri oyeza mitengo ya nyumba ndipo ndi yodula, motero khonsolo yosowa ndalama imaizengereza. Tauni imakula, nyumba zosanja zimamera, koma olipira amakhala omwe aja. Khonsolo ikafuna ndalama zoonjezera imangokweza mlingo pa anthu okhulupirika ngati inu, ena mwa iwo amakwiya n'kusiya kulipira, ndipo zotolera zimatsikiratsikira. Ife tikanakhala mu komiti ya zachuma tikanaika ndalama za kaundula patsogolo pa galimoto yatsopano ya bwana aliyense.

Koma musasiye kulipira ngati njira yodandaulira. Ngongole ya msonkhowu imabereka chiwongoladzanja, ndipo ikafika zaka zitatu lamulo limalola khonsolo kupita kukhoti kuti nyumbayo igulitsidwe.

Ndakhala ndikugwira ntchito yokonza ngalande za khonsolo zaka 7, koma amandisainitsa kontilakiti ya miyezi itatu-itatu ndipo amanditchula waganyu. Pano akuti achepetsa anthu. Ndipita chimanjamanja?
*Bambo wa ana anayi*

Dzina loti "waganyu" si limene limagamula nkhani, bambo. Lamulo la ntchito la 2000 limati ngati kontilakiti ya nthawi yochepa ikugwiritsidwa ntchito kudzaza malo a ntchito yokhazikika, yomwe wolemba ntchitoyo amaichita nthawi zonse, kontilakitiyo imatengedwa ngati yopanda malire. Kukonza ngalande m'tauni si ntchito yomwe idzathe mawa. Chofunika ndi umboni woti munagwira mosalekeza: makope a makontilakiti, mapepala a malipiro, sitetimenti ya ku banki, ngakhale buku losainira m'mawa.

Munthu wochotsedwa chifukwa chochepetsa antchito amayenera kupatsidwa notisi kapena malipiro a notisi, ndalama za masiku a tchuthi omwe sanapume, komanso ndalama ya chipukutamisozi yowerengera zaka. Mawerengedwe ake ndi awa: malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse cha zaka zisanu zoyambirira, masabata atatu pa chaka chilichonse kuyambira chachisanu ndi chimodzi mpaka chakhumi, ndi masabata anayi kupitirira apo. Zaka zanu 7 zikupereka masabata 10 kuphatikiza 6, onse 16. Tiyerekeze mumalandira K130,000 pamwezi, yomwe ndi K30,000 pasabata: ndalama yanu ndi K480,000. Wosiya ntchito yekha salandira ndalama imeneyi, choncho wina akakupatsani kalata yoti musaine kuti mwasiya mwakufuna kwanu, musasaine.

Makhonsolo amakonda aganyu chifukwa saoneka pa mndandanda wa antchito okhazikika, ndipo malipiro awo amabisala pansi pa mutu wa "kukonza ngalande" kapena "ukhondo". Bajeti imaoneka yopepuka, koma ngongole ya penshoni ndi chipukutamisozi imakhala ikukula mwakachetechete mpaka tsiku lomwe khoti lidzagamule.

Kodi makhansala amadzikwezera okha malipiro?
*Wowerenga wa ku Mzuzu*

Ayi. Khansala si wantchito wa khonsolo, ndipo zomwe amalandira pamwezi ndi ndalama yongomuthokoza, yomwe mlingo wake umachokera ku boma kudzera ku unduna wa maboma ang'ono. Pomwe muyenera kuyang'anitsitsa ndi pa malawansi a misonkhano ndi maulendo. Mlingo wa tsiku limodzi ukhoza kukhala wokhazikika, koma kuchuluka kwa masiku kuli m'manja mwa khonsolo. Msonkhano wa bajeti womwe ukanachitikira mu holo ya khonsolo ukapita kunyanja masiku anayi, anthu 40, ndalama zogonera ndi mafuta zimatha kufanana ndi malipiro a mwezi a osesa ambirimbiri.

Ine ndimagulitsa tomato ndipo ndimadula chiphaso tsiku lililonse. Masiku ena wodulitsa amati ndimupatse theka basi, osandipatsa chiphaso. Kodi zimenezi zikukhudzana ndi kusalipidwa kwawo? Nanga ife anthu wamba tingaione bwanji bajetiyo?
*Mayi wa geni*

Zikukhudzana kwambiri, mayi, ndipo zimazungulira. Wodulitsa ziphaso yemwe sanalandire miyezi iwiri amagwira ndalama za khonsolo m'manja tsiku lonse, kunyumba kulibe ufa. Tiyerekeze chiphaso ndi K300: akalandira theka osang'amba chiphaso, inu mwapulumutsa K150, iye wapeza K150, khonsolo yataya K300 yonse. Mavenda 200 akachita zimenezi tsiku limodzi ndi K60,000, pamwezi K1.8 miliyoni, omwe ndi malipiro a anthu oposa khumi, mwina kuphatikizapo wodulitsa yemweyo. Njira zina ndi kugulitsa chiphaso chimodzi kawiri, kutolera ziphaso zadzulo zomwe mavenda ataya, kapena kusindikiza mabuku abodza.

Kutseka mipata imeneyi sikufuna nzeru zachilendo. Buku lililonse la ziphaso likhale ndi manambala otsatizana, lilembedwe potuluka m'sitolo ya khonsolo, ndipo wodulitsa asapatsidwe lina asanabweze zitsa za loyamba pamodzi ndi ndalama zake. Chiphaso chidindidwe deti. Ndalama zipite ku banki tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake, zisagwiritsidwe ntchito zisanafike ku banki, ngakhale kugulira matsache. Odulitsa azisinthidwa zigawo. Ndipo kamodzikamodzi, mosadziwitsa, anthu ena ochokera ku ofesi awerenge mavenda onse omwe ali mumsika n'kudulitsa okha kwa sabata imodzi. Kusiyana kwa ndalama za sabata imeneyo ndi za masabata ena ndiye kukula kwa bowo. Makina odulira ziphaso ndi kulipira pa foni zimathandiza, koma makina nawo "amatha batire" ngati wowagwira sanalipidwe. Inuyo mbali yanu ndi kukana kupereka ndalama popanda chiphaso cha deti la tsikulo.

Kuona bajeti ndi ufulu wanu. Misonkhano ya khonsolo yonse ndi yotseguka kwa anthu, ndipo khansala wa dera lanu ayenera kukuuzani tsiku lake. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza nkhani za boma, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020, limakulolani kulemba kalata yopempha zikalata, ndipo ofesi imayenera kuyankha pasanathe masiku 15 ogwira ntchito. Akakana popanda chifukwa, bungwe la Malawi Human Rights Commission ndi lomwe limayang'anira lamuloli.

Buku la bajeti ndi lalikulu ndipo likhoza kukugwetsani ulesi, choncho komiti yanu ya mumsika ipemphe mapepala atatu okha. Loyamba, ndalama zomwe msika wanu unayembekezeka kutolera chaka chatha ndi zomwe unatoleradi, mwezi ndi mwezi. Muziyerekeze ndi chiwerengero cha mavenda chomwe inu eni mukuchidziwa. Lachiwiri, chiwerengero cha antchito omwe khonsolo ikuti amagwira mumsika mwanu. Ngati pepala likuti osesa ndi 18 koma inu m'mawa uliwonse mumaona 11, funsani komwe kuli 7 enawo. Mwina ali pa tchuthi kapena anawasamutsira kwina, mwinanso ndi maina a anthu omwe anamwalira kapena kusiya ntchito koma malipiro awo akutulukabe. Lachitatu, ndalama zomwe zaikidwa chaka chino zokonzera msika womwewo: chimbudzi, mpopi, denga la shedi ya ndiwo zamasamba, ndi mwezi womwe ntchitoyo iyambe.